Bokosi la Maganizo Linandivula Pagulu

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, koma mkazi wanga wakhala akundiopseza kuti ndikapanda kuiulula ndekha adzainena iye pamaliro anga, ndipo adzathirako mchere. Ndiye bola ndiyambe ndine. Mukamaliza kuwerenga mukhoza kunditcha chitsiru, palibe kanthu. Anthu ambiri ananditcha kale choncho Lachitatu lina masana, ine ndili chiimire patsogolo pawo, tayi ili m'khosi.

N'kuti Phalombe itangokhala kumene boma palokha, kusiyana ndi Mulanje. Ine ndinali mnyamata wa ku Ntchisi, wongotuluka kumene kusukulu ya zachipatala, ndipo ananditumiza kukayang'anira kachipatala kena kakang'ono cha kufupi ndi Nkhulambe. (Dzina lake sinditchula. Kachipatalako sikanalakwe kanthu, wolakwa ndinali ine.) Anthu ankanditcha adokotala ngakhale kuti pepala langa silinkanena choncho, ndipo ine sindinavutike n'kuwakonza.

Ogwira ntchito tinalipo anayi. Panali Mayi Namakhwa, namwino ndiponso mzamba, amene anakhalitsa pamenepo moti ambiri mwa anthu obwera kudzalandira mankhwala anabadwira m'manja mwawo. Panali a Nampeya, mlangizi wa zaumoyo, munthu wa njinga ndi sikelo ya ana. Ndiye panali a Mukhwapa, bambo wa imvi, wosachulutsa mawu. Papepala ntchito yawo inali yosesa, koma ndi amene ankatunga madzi kumjigo, kuwiritsa zida, kuitana odwala, komanso kundimasulira akabwera okalamba olankhula Chilomwe chokhachokha.

Chipatala chinkayenera kutsegulidwa hafu pasiti seveni, koma ife tinkatsegula tikafika. Masiku amenewo mawu akuti demokalase anali akadali atsopano ndipo anthu ankawathira paliponse ngati tomato. Koma kunena zoona sikuti unali ulesi wokha ayi. Denga linkadontha, mankhwala ankatha mwezi uli pakati, ndipo a kuboma ankangotikumbukira akafuna malipoti. Anthu anali atatopa. Pakhonde odwala ankayamba kusonkhana m'mamawa, ena atayenda wapansi kuchokera m'tsinde mwa phiri, ana kumsana, n'kukhala padothi kudikira.

Tsiku lina kunabwera kalata yondiitanira ku wekishopu ku Blantyre, ya masiku asanu, yophunzitsa kusintha kagwiridwe ka ntchito ndi kulimbikitsa antchito. Anthuni, ndinagona m'chipinda cha madzi otentha otuluka pakhoma. Teni koloko tiyi, folo koloko tiyi. Wotiphunzitsa anali bambo wina wolankhula akuyendayenda, amene ankalemba pa zimapepala zikuluzikulu n'kumazimata mpaka khoma lonse linasowa. Akanena mfundo ankaima n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi ngati mlaliki wa pamsika. Pofika Lachisanu ine n'kuti nditatembenuka mtima. Ndinakwera basi nditakupatira mpukutu wa zimapepala zija, ndikuona ngati Phalombe yense akundidikira.

Lolemba ndinaitanitsa msonkhano.

“Kuyambira lero,” ndinatero, “chipatala chino chasintha.”

Mayi Namakhwa anayang'ana kudenga, pamalo pamene pankadontha paja. “Malata abwera?”

“Ayi mayi, ndikunena kusintha kwa kaganizidwe.”

“Oho,” anatero mayiwo, n'kupinda manja.

Ndinawayalira mfundo zanga. Yoyamba, m'mawa uliwonse tiziima mozungulira titagwirana manja, ine ndizifuula kuti “Odwala!” iwo aziyankha kuti “Patsogolo!” katatu, kenaka tiziwomba m'manja. Yachiwiri, buku losainira: aliyense akafika azilemba dzina, ndipo ikakwana hafu pasiti seveni ine ndizilemba mzere ndi bolopeni yofiira. Wosaina kunsi kwa mzere wachedwa. Yachitatu, mwezi uliwonse tizisankha Nyenyezi ya Mwezi, dzina lake lizimatidwa pachitseko.

“Nyenyeziyo imabwera ndi kanganyase?” anafunsa a Nampeya.

“Imabwera ndi ulemu.”

“Ulemu wokha?”

“Ulemu wokha.”

A Nampeya anakanda m'mutu osafunsanso.

Yomaliza, imene ndinkainyadira koposa, inali bokosi la maganizo. Kalipentala wa pamsika anandikhomera, lokhala ndi kamng'alu pamwamba ndi loko kutsogolo. Tinalipachika pakhonde ndipo ndinalengeza kwa antchito ndi odwala omwe kuti aliyense wokhala ndi chakukhosi alembe n'kuponyamo, wosadziwa kulemba apemphe mnzake. Kiyi ndinaika m'thumba langa.

M'mawa mwake tinayamba. Tinagwirana manja m'chipinda changa, a Mukhwapa akuyang'ana pansi ngati munthu wovinitsidwa gule wa eni ake. Ndinakweza mawu: “Odwala!” Anzanga aja anayankha: “Patsogolo!” Tisanafike kachitatu chitseko chinakankhika. Khonde lonse linali litamva kuti odwala patsogolo, ndipo linabwera patsogolodi, amayi, ana, ndodo, mabasiketi. Zinatengera a Mukhwapa nthawi kuti awabweze pamzere, ndipo mayi wina wa mutu waching'alang'ala anachoka akung'ung'udza kuti chipatala chayamba kuitana anthu n'kuwathamangitsanso.

Komabe masabata atatu oyamba zinthu zinayenda. Tinkatsegula nthawi yake. Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Nyenyezi yoyamba ndinapatsa Mayi Namakhwa, amene patangotha masiku awiri anandipempha kuti ndimatule dzina lawo pachitseko chifukwa anthu ankawafunsa ngati akusamutsidwa. Yachiwiri inapita kwa a Nampeya. Mwezi wachitatu panatsala anthu awiri, a Mukhwapa ndi ine. Nditatsegula buku ndinapeza kuti dzina la a Mukhwapa lili kunsi kwa mzere wofiira pafupifupi tsiku lililonse, pamene langa silinagwereko kumeneko ngakhale kamodzi. (Likanagwerako bwanji? Buku linkagona m'dilowa yanga yokhoma, ndipo mzere ndinkaulemba ndine nditatha kusaina. Kaya ndafika seveni, kaya naini, hafu pasiti seveni inkafika limodzi ndi ine.) Choncho ndinatenga pepala, ndinadula nyenyezi, ndinalembapo dzina langa n'kumata pachitseko ndi manja anga. Palibe anawomba m'manja.

Sindinalekere pomwepo. Ku wekishopu anatiuza kuti mtsogoleri asamaope kudzudzula, ndiye ndinalembera a Mukhwapa kalata yowachenjeza kuti akapitiriza kuchedwa nkhani yawo ndikaitula kuboma. Anailandira ndi manja awiri, anaipinda n'kuika m'thumba la malaya.

“Zikomo adokotala,” anatero, n'kutenga ndowa zawo.

Mvula itayamba, zimapepala za pakhoma zinanyowa, inki inayenderera, masomphenya athu anasanduka mabala abuluu. Kugwirana manja kunafa kokha, palibe anakuika m'manda. A Nampeya anabwerera ku nthawi zawo zakale. Ine ndemwe n'kuti nditapeza chibwenzi ku Migowi, mphunzitsi wina dzina lake Esinati. Lachisanu masana ndinkasowa, Lolemba ndinkabwera pa matola, fumbi kapena matope mpaka m'makutu, dzuwa lili paliwombo. Bokosi lija sindinalitseguleko n'kamodzi komwe. Mumtima ndinkati anthu a kuno salemba.

Koma lipoti ndinalemba. Eee, lipoti limenelo! Masamba asanu ndi limodzi, Chingerezi cha ku wekishopu chokhachokha. Ndinati antchito atakasuka, odwala akusangalala, bokosi la maganizo lasanduka mlatho pakati pa chipatala ndi anthu. Nditalitumiza ndinakondwa kwambiri, osakumbukira kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Patapita milungu itatu yankho linabwera. Abwana aakulu a zaumoyo m'boma anachita chidwi ndi lipoti langa moti akubwera Lachitatu kudzaona okha, pamodzi ndi mayi wina wachizungu wa ku bungwe limene linakonza wekishopu ija. Makamaka, kalatayo inatero, akufuna adzaone bokosi la maganizo likutsegulidwa pamaso pa anthu.

Ndinaganiza kuti bokosi likadzapezeka lopanda kanthu ndiye kuti bodza langa layera. Ndiye Lachiwiri, onse ataweruka, ndinang'amba timapepala titatu m'kope langa la kunyumba, ndinagwira bolopeni ndi dzanja lamanzere kuti malembedwe asazindikirike, n'kudzilembera mawu otamanda. Poponya m'bokosi, timapepalato tinkavuta kulowa, mpaka ndinachita kukankha ndi kamtengo. (Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti chikutsekereza n'chiyani. Ine ndinangoti mavu amanga chisa.)

Lachitatu linafika. Tinakolopa, tinalembanso zimapepala, ndinamatanso nyenyezi ya Mayi Namakhwa pamwamba pa yanga. Akomiti ya chipatala anabwera, odwala anadzaza khonde mpaka pansi pa mtengo wa mango, amayi a kusikelo anaimba nyimbo galimoto ikuima. Abwana anali bambo wathupi, wolankhula motsitsa, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Mayi wachizungu uja anali atavala chitenje, kabuku kali m'manja. Tinagwirana manja n'kufuula mfuu yathu ija, nditachenjezeratu odwala kuti asasunthe. Mayiyo ankalemba. Ine mtima unayamba kukhala m'malo.

“Tsopano bokosi,” anatero abwana.

Ndinapisa m'thumba, kiyi mulibe. Ndinathamangira kudilowa, kunyumba, m'jekete la kutchalitchi, osaoneka. Kiyi amene sunamugwiritsepo ntchito miyezi isanu sakudikira. A Mukhwapa anabwera ndi chitsulo chotsegulira matayala a njinga, anakanula loko kamodzi kokha, chivindikiro n'kutseguka.

Mapepala anakhuthukira pansi. Ang'onoang'ono, akuluakulu, ong'ambidwa m'makope a ana asukulu, ena a mapaketi a shuga, ena atachita nkhungu. Anthu a kuno salemba! Mayi wachizungu anawomba m'manja. Abwana anamwetulira n'kunena kuti, “Adokotala, tolani nokha, muwerenge mokweza kuti onse amve, kenaka muwamasulire mayiwa.”

Koyamba kanali kabwino. “Tikupempha mabenchi pakhonde, dothi limazizira kwa munthu wa malungo.” Anthu anavomereza ndi mitu. Ndinamasulira m'Chingerezi bwinobwino, ndinawonjezapo kuti nkhani ya mabenchi tikuiganizira kale.

Kachiwiri ndinakawerenga ndi mawu a chilengezo, pakamwa patatsogola, mutu ukubwera m'mbuyo. “Adokotala sapereka moni. Munthu ukalowa amangoti chavuta n'chiyani ali chiweramire, ngati akufunsa tebulo.” Kuseka kunayambira pansi pa mango n'kufalikira khonde lonse. Ndinatembenukira kwa mayi uja n'kuwauza m'Chingerezi kuti wolembayo akuyamikira kuti adokotala sataya nthawi. Mayiyo anandiyang'ana, analemba kanthu. Abwana anali kuyang'ana nsapato zawo.

Kachitatu ndinayamba ndakasuzumira, ndinafuna kukabweza, koma abwana anati, “Werengani komweko.” Kankati, “Lolemba kuno kulibe dokotala mpaka masana. Kodi matenda nawonso amapita ku Migowi?” Apa ndiye anthu anagwa nako kuseka, wina anachita kuimba mluzu. Thukuta linali litanyowetsa kale kolala. Ndinauza mlendo uja kuti akuti Lolemba kumabwera anthu ambiri, ena ochokera kutali ngati ku Migowi, chifukwa cha mbiri ya chipatala chathu.

Mayiyo anatseka kabuku kawo, anamwetulira mokoma, n'kuyankha m'Chichewa chosalala kuposa changa: “Pepani adokotala, ine ndinagwirapo ntchito ku Thyolo zaka khumi. Kapepalako kakuti Lolemba inuyo simukhalapo.”

Ndikanakhala nkhuku ndikanathawira m'munda wa nandolo. Amayi a kusikelo anali atagwirana mapewa, misozi ili mbwembwembwe chifukwa cha kuseka. Abwana anatambasula dzanja. “Bweretsani, ndikuthandizeni kuwerenga.”

Anatola pepala lopindidwa mwaudongo, la malembedwe okongola. Anawerenga pang'onopang'ono. “Mzere wofiira umabwera ndi mwini wake. A Mukhwapa amafika kuno kusanayere, amasesa, amasonkha moto wowiritsira zida. Adokotala akamatsegula buku iwo amakhala ali kumjigo ulendo wachitatu. Pobwera amapeza mzere walembedwa kale. Zaka zonse ndagwira nawo ntchito sanachedwepo, lero apatsidwa kalata.” Abwana anakweza maso. “Ili lasainidwa.”

Mayi Namakhwa anaimirira. “Ndinalemba ndine, bwana. Ndinkadikira kuti bokosi litsegulidwe. Ndadikira miyezi iwiri.”

Kuseka kunachepa. Anthu anatembenukira kwa a Mukhwapa, amene anali ataima pakona, chitsulo chija chikadali m'manja, akuyang'ana phiri ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Apa ndi pamene ndikanayenera kukhala chete. Koma munthu womira amagwira ndi thovu lomwe. Pamulu paja ndinaona kamodzi mwa timapepala tanga, ndinakazindikira ndi mizere yake. Ndinakatola n'kupereka ndekha. “Bwana, maganizo amasiyana. Tawerenganinso aka.”

Abwana anakonza magalasi. “Malembedwe ake ngati nkhuku yapalasa,” anatero, n'kuwerenga: “Adokotala athu ndi mphatso yochokera kumwamba. Chibwerereni ku Blantyre chipatala chino chili ngati cha m'tauni. Boma liwakweze.” Ndinapumira m'mwamba, ndinayang'ana anthu ngati ndikuti mwamva nokha. Koma abwana anatembenuza pepala lija.

“Kuserinso kuli uthenga. Uku ndiye kwalembedwa bwino.”

Kope limene ndinang'ambamo timapepala tija ndi lomwe ndinkayeserera makalata opita ku Migowi.

“Esinati wanga, duwa la pamtima panga,” anayamba abwana ndi mawu omwe aja otsitsa, ngati akuwerenga kalata ya Paulo. Khonde linaphulika. “Usiku sindigona, usana sindidya.” (Bodza, ndinkadya.) “Maso ako ali ngati nyenyezi ziwiri.” A Nampeya anafuula kuti, “Nyenyezi ya Mwezi!” ndipo ngakhale dalaivala wa abwana anatsamira galimoto atagwira m'mimba. Abwana anapitiriza: “Lolemba lililonse ndimachedwa dala kukwera matola kuti ndikuonenso ukupita kusukulu. Odwala angathe kudikira, koma mtima wanga sungadikire.”

Pamenepo kuseka kunatha ngati wina watseka wailesi. Kutsogolo kwenikweni kunali mayi wina atanyamula mwana wofooka, mlomo utauma. Anandiyang'ana osaphethira. Mwa zonse za tsiku limenelo, maso a mayi ameneyo ndi amene amandibwerera mpaka lero.

“Dzina lili m'munsimu,” anatero abwana akupinda pepala, “silofunika kuwerenga. Tiloweni m'kati, antchito okha.”

M'kati muja mawu otsitsa aja anasintha. Anandiuza kuti lipoti labodza ndi mlandu, kusiya odwala ndi mlandu, kulembera munthu wosalakwa kalata ndi mlandu. Anati akhoza kundikweza m'galimoto yomweyo tsiku lomwelo, ndikayankhe kuboma, ndipo mwina ntchito ithere pomwepo. Ndinaganiza za bambo anga ku Ntchisi, amene ankauza mudzi wonse kuti ali ndi mwana dokotala.

“Koma ndifunse inu amene mumagwira naye,” anatero abwana. “Ndimutenge?”

A Nampeya ankasewera ndi kiyi wa njinga. Mayi Namakhwa anali atapinda manja. Amene anatsokomola n'kusuntha phazi anali a Mukhwapa.

“Bwana, ndilankhuleko ine wosesa. Mwanayu manja ake ndi abwino. Jakisoni wake anthu sadandaula. Mvula ya Febuluwale ija mtsinje utadzaza, galimoto ya mankhwala inaima tsidya. Iyeyu anavula nsapato, anasenza katoni pamutu, madzi ali m'chiuno, maulendo anayi. Ine ndinalipo, ndinasenza nawo. Zimenezo m'bokosimo mulibe chifukwa munthu salemba akakhuta, amalemba zikamuwawa.” Anaima pang'ono. “Kungoti ku Blantyre anamumwetsa tiyi wambiri. Mukamutenga mutibweretsera wina. Winayo adzapitanso ku wekishopu, tidzayambirenso kugwirana manja. Bola yemweyu, wachita kale manyazi.”

Abwana anayesa kulimbitsa nkhope koma mlomo unawagwedera. Anayang'ana Mayi Namakhwa.

“Musiyeni,” anatero mayiwo. “Timulera.”

Anandisiya, ndi chenjezo lolembedwa limene linali loyenera ndithu, ndi lamulo lakuti ndilembenso lipoti lina loona. Mayi wachizungu uja potsazika anandigwira chanza n'kunena kuti m'zipatala zonse zimene anayendera, bokosi lathu lokha ndi limene anapeza muli mapepala, kwina ankapezamo akangaude. Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akundimaliza.

Galimoto itapita ndinatsatira a Mukhwapa kuseri kumene ankatsuka ndowa. Ndinavula tayi. Ndinapepesa mmene ndikanapepesera kwa bambo anga, ndipo ndinapempha kalata ija kuti ndiing'ambe. Anaitulutsa m'thumba lomwe lija, itafewa m'mopinda.

“Sindinaiwerenge n'komwe adokotala, magalasi anga anasweka. Munalembamo zotani?”

Ndinatsala pang'ono kukhulupirira. Mayi Namakhwa ndi amene anandiuza pambuyo pake kuti a Mukhwapa anaiwerenga tsiku lomwelo, anabwera nayo kwa iwo kuti awawerengerenso mwina sanamvetse, ndipo anatha masiku awiri osalankhula ndi munthu kunyumba kwawo.

Mapepala aja sitinataye. Mayi Namakhwa anawasunga m'katoni n'kulamula kuti Lachisanu lililonse masana, nthawi yomwe ija ndinkasowera, tizikhala pansi anayi, tizitola pepala limodzi lokha, ndipo tisatole lina mpaka loyambalo titalichitapo kanthu. Zinali zapang'onopang'ono moti ine wa ku wekishopu ndinkanyong'onyeka. Mabenchi okha anatitengera miyezi iwiri, akomiti ndi amene anapeza matabwa. Buku losainira tinalipachika pamsomali panja, ndipo bolopeni yofiira tinapereka kwa a Mukhwapa, amene ankalemba mzere wailesi yawo ikangotchula nthawi. Mwezi woyamba dzina langa linagwera kunsi katatu. A Mukhwapa ankangondipatsira buku ndi manja awiri.

Moni ndinaphunzira, ndi wa Chilomwe womwe. Tsiku loyamba kunena “Moseliwa?” kwa bambo wina wokalamba, anayankha mosangalala n'kupitiriza nkhani yaitali imene sindinatolepo ngakhale liwu limodzi, mpaka ndinafuulira a Mukhwapa kuti adzandipulumutse. Ndinaphunziranso kunena zikomo pakamwa, munthu ali pompo, m'malo modula nyenyezi. A Nampeya atabwera kuchokera kumidzi atanyowa, njinga ili pamapewa chifukwa cha matope, ndinawafulira tiyi ndekha. Anamwa akundiyang'ana mokayika, n'kufunsa ngati kukubweranso alendo.

Sikuti tinasanduka angelo. Nyengo yokolola nandolo a Nampeya ankazimiririka. Mankhwala akatha tonse tinkagwa ulesi, poti kuuza munthu wodwala kuti akagule yekha kumafooketsa. Kawiri konse msonkhano wa Lachisanu unafa kwa mwezi wathunthu, ndipo ankaudzutsa ndi Mayi Namakhwa pongoika katoni ija patebulo panga. Malata anabwera patatha zaka zitatu. Za Lolemba zinatha chifukwa ndinakwatira Esinati ndipo anamusamutsira kusukulu yapafupi. (Anavomera ngakhale kuti nkhani ya duwa la pamtima inafika ku Migowi ine ndisanafike, ndipo ana a sitandade seveni anaiimba chaka chonse.)

Ndinakhala pamenepo zaka zina zisanu. Pamene kalata yondisamutsa inkabwera n'kuti chitseko chikutsegulidwabe hafu pasiti seveni, mvula kaya dzuwa. Anandikonzera kaphwando pakhonde, thobwa ndi chinangwa chophika. N'kuti nditayambanso kudzimva, poti kuboma ankatitchula ngati chitsanzo. Ndiye anthu atayamba kubalalika ndinakhala pabenchi pafupi ndi Mayi Namakhwa n'kuwafunsa, ndi mawu a munthu wofuna kuyamikiridwa.

“Mayi, tandiuzani zoona. Mwa zonse tinayesa zija, chimene chinagwira ntchito kwenikweni n'chiti? Chinakulimbitsani mtima zaka zonsezi n'chiyani?”

Anamaliza kaye kutafuna chinangwa chawo.

“Mukufuna zoona?”

“Zoona, mayi.”

“Tinkakumverani chisoni. Tsiku lija galimoto itapita, inu muli kuseri kopepesa, ine ndi a Nampeya tinagwirizana, a Mukhwapa tinawauza m'mawa mwake. Tinati mwana wa eni ake wachokera kutali, wavulidwa pagulu, mwina akhoza kudzimangirira. Tiyeni tizibwera msanga mwezi umodzi wokha kuti mtima wake ukhale pansi.”

“Mwezi umodzi?”

“Umodzi. Ndiye mwezi utatha tinaona kuti nanunso mukubwera msanga, mwayamba kupereka moni. A Mukhwapa anati tikasiya pano abwerera zakale, tiwonjezere wina. Takhala tikuwonjezera choncho mpaka lero.” Anapukuta manja pachitenje. “Tsopano poti mukupita, sindikudziwa kuti tizibwerera yani msanga. Kapena tazolowera.”

Ndinaseka nawo. Zaka zisanu ndinkaganiza kuti ndikulimbikitsa antchito anga, osadziwa kuti anthu atatu otopa aja ankadzuka m'mamawa kudzandilimbikitsa ine.

A Mukhwapa anatisiya kale, Mulungu ause mzimu wawo. Mayi Namakhwa anapuma ntchito, ndipo chaka chilichonse amatumiza nandolo kunyumba kwathu. Ine ndakalamba m'zipatala, ndipo nthawi zina amandiitana kuti ndikalankhule kwa achinyamata ongopatsidwa kumene udindo, ndiwauze chinsinsi chosungira anthu pantchito ndi mtima umodzi kwa zaka zambiri. Ulendo uliwonse ndimanyamuka kunyumba nditatsimikiza kuti lero ndikawauza zoona, zakuti ndinapulumuka chifukwa wosesa anandikhululukira ndipo mzamba anandimvera chisoni. Koma ndikaima kutsogolo, maso onse ali pa ine, ndimakonza kukhosi n'kuyamba kuti, “Mfundo zilipo zinayi.”